Mutu 5: Madzi Oundana a Zondiwe

1. Nzeru Yobedwa

Tinenenji ndi Zondiwe anasiya kuyankhulana kumayambiriro kwa mwezi wa Meyi. Pasukulu imene ankaphunzira mumzinda wa Doha, atsikana a ku Malawi analipo awiri okhawo, ndipo kale ankadyera limodzi pa nthawi yopuma. Tsopano wina akakhala pabenchi ya kumanja, mnzake ankapita ku ya kumanzere.

Chimene chinawadanitsa ndi mtsinje umene onse awiri anali asanauonepo.

Aphunzitsi awo a jogalafe, a Grayson, anauza kalasi yonse kuti aliyense akonze chionetsero cha mtsinje wa Rhone. Wopambana adzapita nawo pa ulendo wa sukulu wokaona mtsinjewo ku Switzerland.

"Mtsinje umenewu suyambira pa kasupe ngati mitsinje yambiri," anatero a Grayson akuloza pamapu. "Umayambira pamwamba pa mapiri a Alps, pomwe pali chimulu chachikulu cha madzi oundana chimene chakhalapo zaka zambirimbiri. Dzuwa likawomba, chimulucho chimasungunuka pang'onopang'ono. Madzi ake amatsika otuwa ngati mkaka chifukwa cha fumbi la miyala. Amadutsa m'chigwa, n'kulowa m'nyanja ya Geneva. Akamatuluka tsidya linalo amakhala atayera mbee, kenako amawolokera ku France mpaka kukathira m'nyanja yamchere. Ndikufuna mundionetse ulendo wonsewo."

Lachisanu madzulo mabanja a atsikana awiriwa anakumana ku Corniche, msewu wa m'mphepete mwa nyanja kumene anthu amakawongola miyendo. Makolo akucheza kumbuyo, Tinenenji anakokera mnzakeyo pambali.

"Ine ndapeza nzeru," anatero monong'ona. "Ndipanga phiri, pamwamba pake ndiikepo chibuma chenicheni cha madzi oundana. Chikamasungunuka, madzi azitsika mu kangalande, azizunguza kagudumu, kababu n'kuyaka. Ukuona? Mtsinje wamoyo!"

Zondiwe anangoti, "Eee, koma ndiye nzabwino."

Lamlungu m'mawa, tsiku limene sukulu za ku Doha zimayamba sabata, a Grayson anafunsa amene wakonzeka kunena zimene adzachite. Dzanja la Zondiwe linakwera loyamba. Anafotokoza za phiri, za chibuma, za kagudumu ndi kababu, osasiyapo n'chimodzi chomwe. Kalasi yonse inawomba m'manja.

Tinenenji atakweza dzanja n'kunena kuti nzeruyo inali yake, a Grayson anapukusa mutu.

"Sindinalipo pamene munkakambirana. Amene wanena koyamba ndi Zondiwe. Iwe ganiza china."

Pa nthawi yopuma Tinenenji anamupeza Zondiwe pampopi.

"Wakuba iwe! Ulibe manyazi?"

"Nzeru ilibe chidindo," anayankha Zondiwe akupukuta m'manja. "Iwe unangoyankhula, ine ndikuchita. Komanso adadi ako ndi injiniya, akhoza kukupititsa ku Switzerland tsiku lililonse. Amayi anga amachezera kuchipatala kusamala odwala, ulendo ngati umenewu ine ndidzaupeza kuti?"

"Ndiye ukaba chifukwa cha zimenezo?"

"Ukadandaule kwa amene ukufuna. Khalas, nkhani yatha."

2. Mawu a Bambo Overton

Masabata atatu anadutsa. Phiri la Zondiwe linakula m'chipinda cha sayansi. Analipanga ndi makatoni ndi mapepala onyika mu guluu, nalipenta bwinobwino. Chibuma chake ankachiwumitsa pang'onopang'ono mufiriji yaikulu ya m'chipindamo, tsiku lililonse kuthirapo madzi ena a utoto wabuluu, mpaka chinakula ngati ndowa ziwiri. Anakonzanso kansalu koyera kofunditsa pamwamba pake, chifukwa anawerenga kuti anthu a kumeneko amafunditsa mbali ina ya chimulu chija nsalu zoyera m'nyengo yotentha kuti chisasungunuke msanga.

Tinenenji anangojambula mapu aakulu pathabwa.

Lachitatu madzulo ankamalizitsa mapuwo pabalaza kunyumba kwawo ku Al Nasr. Bambo ake, a Overton, anali atangofika kumene kuchokera ku fakitale imene imachotsa mchere m'madzi a m'nyanja kuti anthu amwe. Anavula nsapato nakhala pansi kuyang'ana ntchito ya mwana wawo.

"Izi ndi chiyani zili m'mbali mwa phirizi?"

"Minda ya mphesa, adadi. Imakwera m'mapiri ngati masitepe. Apa ndi madamu a magetsi, apa mafakitale a mankhwala ndi a aluminiyamu."

"Yakoma kwambiri."

"Siyinakome ayi," anatero Tinenenji akuponya burashi pansi. "Ndi thabwa chabe. Wakuba uja ndiye apambane. Ndikanakonda chibuma chakecho chisungunuke chonse, chisatsale n'kadontho komwe."

A Overton anatola burashiyo naiika patebulo. Kenako anayamba kuyankhula.

"Tinenenji, tandimvera bwino. Mnzako anakulakwira, zimenezo sindikukana. Ndinakuuza kuti tipite kwa amayi ake tikakambirane, iwe unakana. Koma mawu amene wayankhulawa ndisadzawamvenso m'nyumba muno. Munthu amayamba ndi kulakalaka, mawa lake manja ayamba kuyabwa.

"Wajambula wekha mafakitale m'mbali mwa mtsinjewu. Ukudziwa chimene chimachitika fakitale ina ikataya zoipa m'madzi chifukwa chodana ndi inzake ya pafupi? Inzakeyo siyimwa madziwo. Amamwa ndi mlimi wa kumunsi, amene sadziwa n'komwe kuti kumtunda kuli mkangano. Zimafa ndi nsomba. Kubwezera kulibe maso, mwanangu. Umaponya mwala ukuloza galu, mwalawo n'kukaswa mphika wa munthu wongodutsa.

"Chinanso n'chakuti kuno si ku Zomba. Kwathu ukalakwa, timakhala pansi ndi akuluakulu, nkhani n'kutha. Kuno ndife alendo, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ine ndili pa kontilakiti. Amayi a Zondiwe ali pa kontilakiti. Aliyense amene ukumuona akuyankhula Chichewa mumzinda muno wapachikika pa kapepala kamodzi. Kapepalako kakang'ambika, munthu amakwera ndege mawa lake. Choncho mkwiyo wakowo uusiye pakhomo, usapite nawo kusukulu. Wamva?"

"Ndamva, adadi," anayankha Tinenenji, maso ali pathabwa.

3. Lachinayi Masana

Lachinayi ndilo tsiku lomaliza la sabata kusukuluko. Ophunzira onse anaika ntchito zawo m'chipinda cha sayansi, kudikira chionetsero cha Lamlungu. Belu litalira, a Grayson anakiya chitseko napita.

Tinenenji sanakwere basi ya sukulu. Anauza dalaivala kuti bambo ake amutenga. Anadikira kuseri kwa laibulale mpaka pabwalo panakhala zii, kenako anapita kukanyumba ka alonda pageti.

Mlonda wa tsikulo anali a Abudu, bambo wa imvi zapatalipatali wochokera ku Mulanje. Ankagwira ntchito pansi pa kampani ya alonda imene sukuluyo inalemba. Ana ena onse ankangowadutsa, koma Tinenenji ndi Zondiwe ankawapatsa moni m'Chichewa tsiku lililonse.

"Ankolo, ndayiwala buku m'chipinda cha sayansi. Chonde munditsegulire."

"Iii, mwanangu, lamulo likukana. Aphunzitsi akakiya, ine sindiloledwa kutsegulira mwana wasukulu."

"Ndi buku la masamu, tili ndi mayeso Lamlungu. Mphindi imodzi yokha, ankolo."

A Abudu anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako anatenga makiyi. Kunja kunkatentha ngati mu uvuni. Akuyenda m'khonde, limene linali ndi fungo la penti watsopano, anayamba kucheza.

"Ndinaliona phiri la mnzako lija. Linandikumbutsa kwathu. Ifenso tili ndi mitsinje yotsika m'phiri, Ruo ndi Likhubula. Madzi ake ozizira mpaka mano kuwawa. Ndili mnyamata tinkasambira m'maiwe ake, anyani akutiyang'ana m'mitengo. Kumunsi kwake minda ya tiyi yobiriwira mpaka uko. Kuno zaka zonsezi sindinaonepo mtsinje ngakhale umodzi."

A Abudu anaima pakhomo la chipindacho, kiyi ali m'manja.

"Koma pali chimene chikundiwawa. Inu awiri simukupatsananso moni. Ndimaona ine pageti paja. Mwanangu, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndakhala m'chipinda chimodzi ndi amuna asanu ndi awiri ku Al Asmakh, aliyense wa dziko lake. Ndaphunzira kuti kuno ukadana ndi wakwanu, wadzidula mwendo. Tsiku limene udzadwale, amene adzamve ukubuula m'chinenero chako ndi yemweyo ukumunyozayo. Kaya anakulakwira chiyani, mupite mukakambirane. Mkwiyo ukausunga umakhala ngati khala lamoto m'thumba la malaya. Woyamba kupsa ndi mwini malaya."

Anatsegula chitseko. Nthawi yomweyo wailesi yawo ya m'manja inalira, wina akuwaitana kugeti.

"Yalla, fulumira. Ndikubwera kudzakiya."

Tinenenji analowa yekha. Phiri la Zondiwe linali pansi pafupi ndi firiji, chifukwa linali lalikulu moti silikanakwana patebulo. Linali lokongola. Panali timbuzi ta m'mapiri ta nyanga zazitali toumbidwa ndi dongo, ndi tinsomba tasiliva mu kanyanja ka Geneva. Thabwa la mapu la Tinenenji linali patebulo, litatsamira khoma la kutsidya.

Anatsegula firiji. Chibuma chabuluu chija chinali phee, chikufuka nthunzi yozizira. M'mashelefu a m'munsi munali mabotolo ndi timapaketi ta aphunzitsi a sayansi, koma iye sanaziyang'ane n'komwe.

Anagwada, napisa dzanja kuseri kwa firiji, nagwira pulagi. Anaima kaye atamva phazi m'khonde, koma phazilo linapitirira. Anazula pulagiyo. Firiji inasiya kulira. Chitseko chake anachisiya chotseguka pang'ono, mpata wolowa chala.

Anatulutsa buku la masamu m'chikwama mwake momwe, naligwira m'manja potuluka.

"Walipeza?" anafunsa a Abudu akubwera.

"Eya, ankolo. Zikomo kwambiri."

A Abudu anazimitsa magetsi ndi makina oziziritsa mpweya monga ankachitira Lachinayi lililonse, nakiya chitseko.

4. Tsiku la Chionetsero

Lamlungu m'mawa fungo ndilo linawalandira. Linkamveka kuyambira pamasitepe.

A Grayson atatsegula chitseko, ana ena anagwira mphuno. Madzi abuluu anali ponseponse pansi. Nsomba ndi achule zimene aphunzitsi a sayansi ankasunga mufirijimo kuti ana aphunzirirepo zinali zitawola. Madzi anali atafika pa soketi ya pansi n'kuwononga makompyuta awiri.

Phiri la Zondiwe linali litamwa madzi masiku awiri. Linaphwasuka ngati phala. Timbuzi tija tinali titagwa chagada m'matope a mapepala.

Zondiwe anagwada m'madzimo ndi yunifolomu yake. Anatola kagudumu kaja, nakayang'ana, kenako analira mokweza moti ana a makalasi ena anatuluka kudzaona. Atadzuka, maso ake anafunafuna mpaka anapeza Tinenenji.

"Ndiwe! Ndiwe wachita zimenezi!"

"Usandinamizire ine," anatero Tinenenji. "Chipinda chinali chokiya. Ndikanalowa bwanji? Mwina Mulungu wangoona kuti zakuba sizidalitsika."

Zondiwe anamulumphira n'kumugwira kolala. A Grayson analowa pakati n'kuwalekanitsa.

Chionetsero chinachitikira mu holo. Mathabwa ndi zina zimene zinali pamatebulo sizinanyowe. Itafika nthawi yake, Tinenenji anaima kutsogolo ndi kandodo kolozera. Mawu ankatuluka bwinobwino chifukwa anali atawaloweza.

"Kumtunda kwenikweni kumakhala mbuzi za m'mapiri, ndi tinyama tonga mbira timene timagona m'mauna nyengo yonse yozizira. M'madzi ozizirawo mumakhala nsomba za tirauti. Nsomba zimenezi zimafuna madzi oyera ndi ozizira, choncho madamu akatseka njira kapena madzi akatenthera, zimachepa. Kumunsi kuli nyama zina zonga akatumbu zimene zimagwetsa mitengo ndi mano. Madamu amapereka magetsi ku mafakitale, ndipo ku France sitima zonyamula katundu zimayenda mumtsinjemo. Kumathero kwake kuli madambo a mpunga, mahatchi oyera, ndi mbalame zofiirira za miyendo yaitali zotchedwa mafulamingo."

Anthu anawomba m'manja. Zondiwe anakhala kumbuyo kwenikweni, siketi yake ili ndi madontho abuluu. Iye analibe choonetsa.

Masana a Grayson analengeza kuti wopambana ndi Tinenenji.

5. Mu Ofesi ya Ahedi

Belu lomaliza lisanalire, atsikana awiriwo anaitanidwa ku ofesi ya ahedi, mayi Fauziya. Atalowa anapeza a Abudu ataima pakona, chipewa chili m'manja. Pambali pawo panakhala bwana wa kampani ya alonda, mwamuna wamfupi amene ankangogogoda foni yake patebulo.

"Kamera ya m'khonde lija inachotsedwa sabata yatha chifukwa chopenta makoma," anatero mayi Fauziya. "Choncho ndikufunsa pakamwa. Zondiwe akuti iwe, Tinenenji, unkamufunira zoipa. Kodi unalowamo m'chipinda cha sayansi aphunzitsi atakiya?"

Tinenenji anaponya maso kwa a Abudu. Iwo ankayang'ana chipewa chawo.

"Ayi, madamu."

"Akunama!" anakuwa Zondiwe.

"Khala chete. Uli ndi umboni?"

Zondiwe analibe.

Mayi Fauziya anatembenukira kwa mlonda. "Makiyi anali ndi inu. Amene amazimitsa magetsi Lachinayi ndi inu. Kodi munazula pulagi ya firiji?"

"Ayi, madamu. Firiji sindiyikhudza."

"Nanga alipo amene munamutsegulira?"

A Abudu anatsegula pakamwa, natsekanso. Anayang'ana Tinenenji kamodzi kokha, osati mokwiya, koma ngati munthu amene akudikira mnzake kuti ayambe kuyankhula.

Tinenenji anayang'ana nsapato zake.

"Ndilibe choyankha, madamu," anatero a Abudu.

Bwana wa kampani anamenya tebulo. "Wosasamala iwe! Wachititsa manyazi kampani. Vula baji. Kuyambira lero suponda pano. Ukadikire kuchipinda kwako, Lachinayi tikuuza ngati tikukansela viza yako."

A Abudu anavula baji naiika patebulo pang'onopang'ono. "Bwana, ndili ndi ana anayi pasukulu kwathu."

"Ukanawaganizira Lachinayi lapitalo. Yalla, tuluka."

Atatuluka amuna awiriwo, mayi Fauziya anavula magalasi nayang'ana atsikanawo.

"Ndakhala ndi ana asukulu zaka zambiri, ndipo ndimadziwa pamene nkhani yatha ndi pamene siyinathe. Iyi siyinathe. Bambo amene watuluka apayu sanachedwepo pantchito ngakhale tsiku limodzi. Ngati pali wina amene akudziwa kanthu n'kukhala chete, adziwe kuti kukhala chete nakonso ndi ntchito ya manja ake. Makompyuta tidzagula ena. Ulendo wa ku Switzerland umabwera chaka chilichonse. Koma munthu akachotsedwa m'dziko muno ndi mbiri yoipa, palibe kampani imene idzamulembenso. Khomo langa ndi lotsegula mpaka Lachinayi. Pitani."

Panja Zondiwe anamutsekera njira.

"Ine unanditcha wakuba, ndipo mwina ndinabadi. Koma iwe ndiwe chiyani? Upite ku Switzerland kwakoko. Ukamakaona madzi oundanawo, uzikakumbukira nkhope ya ankolo aja."

Pageti panali pataima kale mlonda wina wachilendo. Tinenenji anamudutsa osapereka moni.

6. Mlendo wa Madzulo

Atafika kunyumba anabisa satifiketi ya kupambana kwake pansi pa mabuku. Anakhala pabedi osavula yunifolomu mpaka bambo ake anabwera.

A Overton sanavule nsapato monga ankachitira masiku onse. Anaima pakati pa balaza, nkhope ili gwaa.

"Tinenenji, tabwera kuno. A Grayson anditumizira uthenga kuti wapambana. Tidzakondwera tsiku lina. Wamva zimene zawachitikira a Abudu?"

"Ndamva pang'ono, adadi."

"Munthu uja ndimamudziwa kuyambira pamene ndinafika kuno. Pamene amayi ako anagonekedwa m'chipatala, iyeyo ndiye ankakudikirira pageti mpaka ine nditaweruka. Sangazule pulagi ya firiji ngati mwana. Pali wina amene wachita zimenezi n'kubisala kumbuyo kwa munthu wosauka, ndipo ameneyo ndi wamantha woipitsitsa. Ndawauza anzathu onse a ku Malawi kuti sitigona mpaka timupeze."

Tinenenji anagwira mpando.

"Ndinawaimbira foni masana," anapitiriza a Overton. "Akuti alipo amene anamutsegulira chitseko Lachinayi. Ndawafunsa dzina, akana kunena pafoni. Akuti nkhani yake ndi yofunika kukhala pansi, ndipo akufuna iwenso ukhalepo, kaya chifukwa ndiwe wa kalasi imeneyo. Tateleka madzi a tiyi."

"Akubwera kuno? Liti?"

"Atsika kale basi. Tenga makapu atatu."

Tinenenji analowa kukhitchini. Anatsegula mpopi n'kuyamba kuthira madzi mu ketulo.

"Adadi," anaitana ndi mawu aang'ono. "Adadi, pali zimene..."

Belu la pakhomo linalira.